Kayendedwe kake ka Robin Hood's Bay ngati mukufuna kuona zenizeni osati kungojambulitsa

Musanagule ndi tikiti yomwe, yambani mwaona kaye kuti madzi adzaphwa nthawi yanji tsiku limene mukupitalo. Zikumveka ngati zachibwana eti, koma kamudzi ka Robin Hood's Bay, kamene kali ku North Yorkshire kugombe la kumpoto chakum'mawa kwa England, pulogalamu yake amalemba ndi madzi osati inuyo. Nyanja ya kumeneko imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, kuchoka podzadza kufika pophweratu ndi maola ngati 6, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50, ndiye zomwe anakuuzani mnzanu amene anapita sabata yatha sizingakuthandizeni olo pang'ono. Lembani pa Google kuti tide times Whitby muone ola limene madzi akhale atatsikiratu, ndiye muwerengere chobwerera, mufike pamudzipo patatsala maola atatu kapena anayi. Mukatero mukhala ndi nthawi yoona nyumba mukutsika pang'onopang'ono ndipo pomafika pansi nyanja ikhala itakusiyirani malo oyenda. Mukaphonya masamu amenewa mukapeza mafunde akumenya pakamwa penipeni pa msewu, gombe kulibe, mungoima n'kumayang'ana madzi basi.

Kafikidwe sikovuta. Sitima siifika pamudzipo, siteshoni zapafupi ndi Whitby, makilomita ngati 10 chakumpoto, ndi Scarborough, ngati 24 chakum'mwera. Ngati mukuchokera ku London mukwera ya ku King's Cross yopita ku York, maola awiri, musinthe mukwere ya ku Scarborough, pamenepo mupeza basi ya X93 imene imayenda pakati pa Scarborough ndi Whitby ndipo imaima kumtunda kwa mudziwu, mumangogunditsa khadi kapena foni polipira. Agalimoto musiye pa malo oimikapo akumtunda, ena ali pomwe panali siteshoni ya sitima ena ali pamutu pa chitunda chotsikira kumudzi wakale, musayerekeze kutsika nayo chifukwa pansi palibe poimika alendo ndipo potembenukira pake ndi pothina moti mudzatuluka thukuta anthu akukuonererani. Nsapato valani zogwira pansi, zoti zikanyowa simudandaula, ndipo jekete loteteza mvula ndi mphepo likhale m'chikwama olo kumwamba kukuoneka bho, nyanja ija ndi North Sea, mphepo yake siiona kalendala. Mu June kumawala mpaka kupitirira 9 koloko usiku pomwe mu December 4 koloko madzulo isanakwane mdima wagwa kale, ndiye m'nyengo yozizira lawirani.

Chimene chimathandiza kwambiri ndi kudziwa kuti mudzi uwu uli ndi magawo awiri, kumtunda kuli nyumba za nthawi ya sitima ya pamtunda ndipo pansi pa chitunda kuli mudzi wakale wa asodzi, ndiye mukamatsika mukubwerera m'mbuyo m'zaka. Anthu ambiri amatsika basi n'kuliyatsa liwiro la kunyanja, mphindi khumi afika, selfie, tchipisi, kubwerera, ndiye akafunsidwa zomwe anaona amangoti kunali kokongola. Kuthamanga sikufika abale anga.

Ine ndimati yambani ndi kumene anthu sapita, tchalitchi chakale cha St Stephen's chimene chili pachitunda kunja kwa mudzi, kilomita imodzi ndi theka kapena cha pamenepo, mbali ya msewu wa ku Whitby. Chinamangidwa mu 1822 ndipo kunja kwake sikopatsa chidwi, bokosi lamiyala lokhala ndi kachipinda kabelu pamwamba basi, koma mukachipeza chotsegula n'kulowa mupeza kuti m'katimo simunasinthe kwenikweni chifukwa anthu anachisiya n'kusamukira kuchatsopano mu 1870, ndiye panalibe womachikonzakonza kuti chifanane ndi fasho. Mabenchi ake ndi otchingidwa ngati timabokosi, kalikonse ndi kachitseko kake, banja limalowa n'kudzitsekera, zimathandizako kuletsa mphepo yozizira kumapazi komanso zimaonetsa kuti wolemera ndani wosauka ndani chifukwa malo abwino anali ndi eni ake. Gome lake ndi losanjikiza katatu, pansi pa kalaliki woyankhira mapemphero, pakati powerengera, pamwamba polalikira, ndipo mukaimirira pafupi muona chifukwa chake, ndi mabenchi ataliatali chonchija mbusa amayenera kukwera kuti aone amene akusinza. Fufuzaninso tinkhata takale tamaliboni tomwe anasunga m'menemo, tinkanyamulidwa pamaliro a mtsikana amene wamwalira asanakwatiwe n'kukolekedwa m'tchalitchi, ndipo m'England monse malo amene tinatsala ndi owerengeka. Tchalitchichi chimasamalidwa ndi Churches Conservation Trust, bungwe losamalira matchalitchi akale, salipiritsa pakhomo koma pali poponya kangachepe, ponyanipo.

Mukatuluka musafulumire kuchoka, zungulirani kumanda. Werengani miyalayo mmodzimmodzi, muona mawu oti master mariner akubwerezedwa, amenewo anali akapitawo a sitima zapamadzi, ndipo pena mupeza dzina la munthu lili pamwala koma mtembo wake mulibe, analemba kuti anamira kapena anatayika panyanja, nthawi zina ndi dzina la doko lakutali. Mayina amabanja omwewo akubwererabwerera, bambo, mwana, mdzukulu. Miyala ina zilembo zinadyeka ndi mphepo yamchere mpaka kungotsala mabowo, ngati dzuwa likuwomba cham'mbali imani chopendekera, mthunzi umatulutsa zilembo zimene simungazione mutaima kutsogolo. Osapala mwala ndi kiyi kapena kuthira madzi kuti muwerenge bwino, mwala wamchenga uja umanyenyeka msanga.

Potsika kubwerera kumudzi mudutsa tchalitchi chatsopano chija, nachonso ndi St Stephen's, anajambula pulani yake ndi George Edmund Street yemwenso anajambula makhoti akuluakulu a Royal Courts of Justice ku London, ndi chachikulu, chansanja, chooneka kuti pamudzi panali patalowa ndalama. Pafupi pomwepo pali nyumba za siteshoni yakale. Njanji ya Scarborough kupita ku Whitby inatsegulidwa mu 1885 n'kutsekedwa mu 1965, pano mzere wake ndi njira ya apansi ndi anjinga yotchedwa Cinder Track. Yang'anani nyumba za mbali imeneyi, zazitali, zanjerwa zofiira zambiri, mawindo otulukira kunja, kabwalo kamaluwa kutsogolo, misewu yowongoka, izi zinabwera njanji itafika pamene anthu opeza bwino monga eni sitima ndi akapitawo anafuna malo otakasuka komanso alendo atayamba kubwera kutchuthi. Zisungeni m'mutu chifukwa posachedwa muziyerekeza ndi zapansi.

Pamutu pa chitunda, musanayambe matsitso, pali chikwangwani chachikumbutso chimene anthu amachidutsa maso ali pafoni. Chimakamba za January 1881 pamene sitima yotchedwa Visitor inagunda miyala m'gombeli kukugwa sinowo woopsa. Ku Whitby nyanja inali itakalipa moti boti lopulumutsa anthu silikanatha kutuluka padoko, ndiye anthu anangoti tilikoka pamtunda, mahatchi 18, amuna ngati 200 akukumba njira kutsogolo m'sinowo wofika mamita awiri malo ena, mtunda wa makilomita pafupifupi 10 wodutsa pachikweza, n'kudzalitsitsa ndi zingwe pamsewu womwe mwaimapowu. Ulendo woyamba kulowa m'madzi unalephereka, wachiwiri anawapulumutsa onse a m'sitima ija. Mukawerenga yang'anani kutsetsereka kwa msewuwo ndi kuthina kwake pakati panyumba, muganize boti lalikulu lamatabwa likutsika pamenepo pansi pali poterera, mutsika mosiyana ndi mmene mukanatsikira.

Tsopano matsitso. Msewu waukulu ndi New Road, m'mbali mwake muli masitepe, gwiritsani ntchito amenewo chifukwa galimoto zobweretsa katundu ndi za eni mudzi zimadutsa ndipo malo ndi ochepa. Pakona yoyamba pomwe madenga ayamba kuoneka pansi panu imani, apa ndiye pophunzirira kuwerenga nyumba, ndipo njira yake ndi yomweyi paliponse, muyambe denga, kenako khoma, mawindo, pomaliza chitseko. Madenga ambiri ndi amatailosi ofiira opindika ngati S, lina limakumbatira linzake, amenewa ndi chizindikiro cha gombe lonse la kum'mawa kwa England ndipo kachitidwe kake kanachokera ku Netherlands kudzera pamalonda apanyanja. Mukaona denga lamiyala yopyapyala yotuwa, nthawi zambiri ndiye kuti linafoleredwa mochedwerapo, mayendedwe a katundu atafewa. Makoma akale ndi amwala wamchenga wa m'derali, wachikasu chodera, yandikirani muone timizere timene wosema anasiya ndi tchizulo, pamiyala yambiri tili ngati minga ya nsomba, kwina kupendekera uku kwina uko, ndi kasemedwe ka dera lino lazitunda lotchedwa North York Moors. Mawindo ena satsegukira m'mwamba koma amatsetserekera cham'mbali, amenewo amawatcha Yorkshire sash, oyenera nyumba zazifupi, ndipo magalasi ake akale mukawayang'ana chopendekera amapindapinda chithunzi. Mukaona windo lotsekedwa ndi miyala kapena njerwa aliyense adzakuuzani za msonkho wamawindo umene unalipo kuyambira 1696 mpaka 1851, n'zoona unalipo ndipo anthu ena ankatsekadi mawindo pozemba, koma si windo lililonse lotseka lomwe nkhani yake ndi imeneyo, ena anangosintha zipinda m'kati. Pamwamba pachitseko fufuzani mwala wolembedwa chaka ndi zilembo ziwiri kapena zitatu, kawirikawiri chapamwamba ndi cha dzina labanja, zapansi za mwamuna ndi mkazi.

Ngati mukufuna kutsimikiza zaka za nyumba musamangodalira maso. Tsegulani mapu a National Heritage List for England pa webusaiti ya Historic England, bungwe laboma loyang'anira nyumba zakale, ndi aulere, muona timadontho pa nyumba iliyonse yotetezedwa ndi lamulo, ndipo pansi pamudzi uwu timadonthoto tachita kuthithikana. Mukadina kamakuuzani zaka zake ndi zomwe zili zapadera. Magulu ake ndi atatu, Grade I zapamwamba zedi ngati tchalitchi chakale chija, Grade II* zapakati, ndi Grade II kumene kuli zoposa 90 pa 100 zilizonse. Chitani zimenezi mukadali kumtunda ndipo mujambuliretu pasikirini chifukwa pakati pamakoma amiyala aja netiweki imabwera n'kumapita.

Mukafika chapakati siyani New Road mulowe m'tinjira. Apa musavutike ndi mapu, mudziwu ndi waung'ono simungasochere kwenikweni, kulikonse kotsika kukufikitsani kunyanja ndipo kokwera kukubwezerani kumtunda. Tinjira tina n'tothina moti anthu awiri sangadutsane popanda wina kupendekeka, pansi ndi miyala yoyala yomwe pakati inakumbika ndi mapazi, masitepe osalingana, khomo la uyu layang'ana windo lakuchipinda la uyo, kanyumba kena kachita kukwera pamsana pakanzake. Werengani mayina ake, Sunny Place, The Bolts, Fisherhead, Chapel Street, Tommy Baxter Street. Kuthithikana kumeneku sikuti anthu ankakonda, malo omangapo pakati pa phedi ndi kamtsinje anali ochepa, msodzi amafuna kukhala pafupi ndi boti lake, ndipo nyumba zogundana zimatchingirana mphepo. Mwana akakwatira ankangomanga pa kampata kalikonse kotsala pafupi ndi makolo.

Mumva kwambiri za ozembetsa katundu, shopu iliyonse ili ndi kena kake kowakumbukira. Zoona zake n'zakuti m'zaka za m'ma 1700 boma linkadula msonkho wokwera pa tiyi, fodya, jini, burande ndi nsalu za silika, tiyi yekha msonkho unafika 119 peresenti mpaka mu 1784 pamene anautsitsa kufika 12.5, ndiye katundu wochokera ku Netherlands ndi France ankatsikira m'magombe obisika ngati lino usiku, ndipo mudzi wozunguliridwa ndi zitunda zopanda anthu unali pamalo pake penipeni. Nkhani yomwe amakonda kunena ndi yoti mtolo wa silika unkatha kuchoka kunyanja mpaka kumtunda osaona dzuwa, kudutsa m'zipinda zapansi ndi timakomo tobisika tolumikiza nyumba. Imeneyo imvereni ngati nthano yokoma, koma chimene mungaone ndi maso ndi ngalande yaikulu yamiyala imene kamtsinje ka King's Beck kamadutsamo pansi panyumba n'kutulukira kugombe. Suzumirani pakamwa pake madzi akaphwa, koma zolowa m'kati ine sindikulimbikitsani, n'moterera ndipo nyanja ikamabwerera imalowa momwemo. Za Robin Hood mwiniwakeyo, wakuba wa m'nthano za ku England amene amati ankabera olemera n'kupatsa osauka, musataye nthawi, palibe umboni woti anapondapo.

Pa Chapel Street pali chapelo chakale cha a Methodist cha mu 1779, ndipo John Wesley mwiniwake, woyambitsa mpingowo, anabwerapo kangapo pamudzipa kudzalalikira. Ku Fisherhead kuli kamyuziyamu kakang'ono koyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, m'kanyumba kamene kale ankafikitsiramo mitembo ya omira ndi kufufuziramo za imfa zawo, kamatsegulidwa mwa nyengo ndiye onani nthawi pachitseko, muli zida zausodzi ndi majuzi oluka a asodzi aja otchedwa gansey, olimba ngati chikopa.

King Street ndiye musaiphonye, chifukwa nkhani yonse ya mudzi uwu ili pamenepo. Kwerani nayo kuchokera pansi, muona kuti ndi msewu wooneka wofunika, wokhala ndi nyumba zabwino ndi bala yakale, koma ukungothera m'malere. Kale umenewu ndiwo unali msewu waukulu wolowera m'mudzi, mu 1780 gawo lake lakumtunda linagumukira m'nyanja pamodzi ndi nyumba, ndipo pambuyo pake phedi linapitirizabe kudya nyumba imodziimodzi kwa zaka pafupifupi 200. N'chifukwa chake msewu umene munatsikira uja, wakalekale choncho, umatchedwabe New Road. Kugumukako kunaima atamanga chikhoma chakonkire mu 1975, chotalika mamita ngati 12, ndipo pamwamba pake pali poyenda. Chikhomacho n'chonyansa, tisanamizane, sichigwirizana ndi timanyumba tokongola tija, koma imani pamenepo muyang'ane nyumba zimene zatsamira kumbuyo kwanu kenako muyang'ane pansi, muona kuti popanda icho mzere wonsewo bwenzi kulibe. M'mbali mwake anaikamo zithunzi zatimiyala tamitundumitundu zofotokoza mbiri yamudzi, ana amazikonda.

Pansi penipeni pamene misewu yonse imakumana amati The Dock, olo palibe doko lenileni, ndi kabwalo chabe ndi potsetsereka potsitsira maboti. Khalani kaye pakhoma mphindi zingapo muzingoyang'ana. Kumanja mukayang'ana kunyanja kuli Old Coastguard Station, nyumba yakale ya alonda a gombe, pano ndi ya National Trust, bungwe losamalira malo akale ndi achilengedwe, ndipo m'kati amafotokoza za miyala, mafunde ndi zamoyo za m'gombeli, kumanzere kuli Bay Hotel imene khoma lake limalandira mafunde madzi akadzaza. Muona timaboti tochepa pamangolo, zingwe, zoyandama zamitundu yowala, ndi misampha ya nkhanu ndi lobster itasanjikizidwa, musaikhudze kapena kukhalapo pojambulitsa, ndi zida zantchito za munthu. Mukaona boti lamatabwa lakutsogolo kwakutali kosongoka koma kumbuyo kwafulati, limenelo ndi coble, anapangira magombe opanda doko ngati lino, limafika kumtunda chobwerera mphuno itayang'ana mafunde. Fufuzaninso chinsomba chachitsulo choimirira ndi mchira kukamwa kuli yasa, ndi bokosi loponyamo ndalama zothandiza RNLI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja limene linayamba mu 1824 ndipo limayenda ndi zopereka, chakhala pamenepo kuyambira m'ma 1880 ndipo nacho chili pamndandanda wa zotetezedwa uja, ndiye musataye makobidi onse, sungani limodzi la pakamwa pake.

Chakumasana muyamba kuona anthu otopa, zikwama kumsana, ndodo m'manja, akuyenda chotsimphina kulunjika kumadzi osayang'ana kumbali, akafika amaviika nsapato n'kuponya kamwala. Si misala ayi, amenewo amaliza ulendo wa Coast to Coast umene Alfred Wainwright, wolemba mabuku a maulendo apansi, anaukonza mu 1973, makilomita opitirira 300 kuchokera ku St Bees kugombe lakumadzulo, ambiri amayenda masabata awiri, ndipo kamwalako anatola tsiku loyamba kunyanja inayo. Akakupemphani kuti muwajambule musakane.

Ngati masamu anu aja anayenda bwino pano madzi apita kutali ndipo pansi panyanja pali poyera, miyala yafulati yoyalana mizeremizere yokhota ngati mauta, pakati pake timadziwe totsalira muli tinkhanu ndi tinsomba. Pondani pamchenga kapena pamwala wouma, pobiriwira ndi pandere zabulawuni paja ndi sopo. Mukayenda pang'ono tembenukani muyang'ane mudzi, apa ndiye pamene mumauona wonse bwinobwino, madenga ofiira ataunjikana pampata wa phedi, chikhoma chija chitawagwira, nyumba zazikulu zili pamwamba. Miyala imeneyi ndi ya nthawi ya Jurassic, zaka pafupifupi 190 miliyoni, ndipo mukayang'anitsitsa timiyala totayika mutha kupeza ammonite, kanyama kakale kozungulira ngati nkhono komwe kanasanduka mwala. Kotola pansi palibe vuto, koma osagogoda phedi ndi hamala ndipo osakhala m'munsi mwake podya kapena pobisala mphepo, limagumuka popanda chenjezo makamaka mvula ikagwa. Chakum'mwera, kilomita imodzi ndi theka, kuli Boggle Hole kumene chigayo chakale chinasanduka hositelo ya apaulendo, mutha kupita chapagombe madzi akamatsika n'kubwerera cham'mwamba panjira ya Cleveland Way, tsatirani zikwangwani zokhala ndi chizindikiro cha kambewu ka mtengo wa oak. Lamulo lake ndi limodzi, madzi akangoyamba kubwerera inu muzikhala mukuyandikira potulukira, chifukwa sabwera mowongoka ngati mzere, amayamba kudzaza makwawa kumbuyo kwanu inu mukuona ngati mukadali pouma. Zikavuta imbani 999 munene kuti mukufuna coastguard, opulumutsa anthu m'gombe, osayesa kukwera phedi.

Zinthu zamasiku onse nazo zili ndi zonena zake ngati muli ndi diso. Pafupifupi bokosi lofiira lapositi lililonse lili ndi zilembo za mfumu imene inalipo poliika, VR ndi Victoria ndiye kuti ndi la 1901 kapena m'mbuyo, GR yopanda nambala ndi George V, EIIR ndi Elizabeth II, ndiye kulikonse m'England mungapite mutha kumadziwa zaka zake mukungodutsa. Mabenchi oyang'ana kunyanja ali ndi timapuleti tamayina a omwalira amene ankakonda malowo. Koma chimene ine ndimafuna muwerenge ndi timabokosi takiyi tamanambala tokhomedwa pambali pazitseko. Yendani kanjira kamodzi muziwerenga zitseko zomwe zili nato ndi zomwe zilibe, chambiri mwa zokhala nato ndi nyumba zobwereketsa alendo patchuthi, ndipo mudzazindikira kuti mudzi wakalewu anthu okhalamo chaka chonse ndi ochepa, ambiri ali kumtunda ndi kumudzi woyandikana nawo wa Fylingthorpe. Nyumba zasamalika, penti watsopano, maluwa pawindo, koma usiku wa mu February mawindo ambiri ndi amdima. Kaya n'zabwino kaya n'zoipa, ndalama za alendo ndi zomwe zimakonza madenga aja komanso ndi zomwezo zimakweza mitengo mpaka mwana wobadwira pomwepo kulephera kugula, ndipo inu ndi ine tikafika timakhala mbali ya nkhaniyo.

Pachifukwa chomwecho dziwani kuti pakhomo pomwe pali zovala pachingwe, nsapato zamatope ndi njinga yamwana pali anthu, kwa eni kulibe mkuwe, tsitsani mawu m'tinjira tija chifukwa khoma ndi khoma phokoso limalowa mpaka kuchipinda, osasuzumira pawindo olo katani ili yotsegula, osakhala pasitepe yamunthu podya, ndipo pomwe alemba private ndi private ndithu olo geti lisakhale lokhoma. Kujambula nyumba muli panjira palibe choletsa, koma munthu ali pantchito yake mupempheni kaye. Tchipisi ndi nsomba gulani ndithu, koma idyani mutatsamira khoma chakudya chili pafupi ndi chifuwa, mbalame zakunyanja zotchedwa ma seagull kumeneko ndi akuba odziwa ntchito, amabwera chakumbuyo pamwamba paphewa, ndipo musawaponyere kanthu kapena kuwagenda, ndi otetezedwa ndi lamulo la 1981 komanso kuwadyetsa ndi kumene kunawaphunzitsa khalidweli. Mu pub musakhale pansi kudikira woperekera, mumapita nokha pakauntala kukaitanitsa n'kulipira pomwepo, ngati ndi chakudya muwauze tebulo lomwe mwakhala.

Nthawi ikatsala ndipo miyendo ikadalipo, kunja kwa mudzi kupitirira Fylingthorpe kuli chinthu choseketsa, khola lankhumba lomangidwa ngati kachisi wa Agiriki, zipilala kutsogolo ndi zokongoletsa zonse, anamangitsa ndi mwinimalo wina wolemera dzina lake John Warren Barry chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pano ndi la Landmark Trust, bungwe lokonza nyumba zakale n'kumazibwereketsa alendo, ndipo anthu amalipira kuti agonemo, ndiye liwonereni muli panjira, osalowa pageti. Ndi chikweza kupita kumeneko, muganize bwino.

Pobwerera ku basi dzipatseni mphindi 20 kapena kuposa kuchokera pa Dock, chitunda chimene munatsika mukuseka chija pokwera ndi china, makamaka ngati muli ndi ana kapena achikulire, pumirani pamabenchi apakati palibe amene akuwerengereni. Nthawi ya basi yomaliza muyionere tsiku lomwelo pa siteji kapena pafoni chifukwa ndandanda yachilimwe ndi yam'nyengo yozizira zimasiyana, komanso muonetsetse mwaima mbali yoyenera yamsewu, ya ku Whitby ndi ya ku Scarborough nambala yake ndi imodzi.